Nambala ya Pamzere Woyamba

Wailesi inazima Lachiwiri masana, ndipo pofika Lachinayi Saida anali atatopa ndi funso limodzimodzi. Aliyense wodutsa pakhomo ankasuzumira: akabaza, amayi opita kumsika ndi madengu a tomato, ngakhale shehe wa mzikiti wa kuseri.

"Kodi mwatseka?"

"Iyayi, sitinatseke."

"Nanga bwanji tikatsegula tikungomva shwiii?"

Saida anali muulutsi pa kawailesi ka m'dera la Ntaja, ka zipinda ziwiri kuseri kwa sitolo ya simenti ndi malata. Ntchito yake inali ya pakamwa: mauthenga a maliro, nkhani za ulimi, moni wa omvera m'Chichewa ndi m'Chiyao. Za mawaya sankazidziwa. Ankangodziwa kuti mawu ake amalowa m'kompyuta yakuda ya pansi pa tebulo, ndipo kompyutayo imawatumiza ku mlongoti wa paphiri. Kompyuta ikagona, ngakhale akuwe chotani pa maikolofoni, mawuwo ankathera m'matileyi a mazira amene anamatidwa kukhoma.

Wosamala kompyutayo anali Abdulrahim. Disiki itafa ndi kuthimathima kwa magetsi, iye anaikamo ina n'kuyamba kubwezeretsa mapulogalamu. Onse analowa kupatula imodzi, yotumiza mawu ku mlongoti ija. Ali mkati molimbana nayo, foni inalira: mayi ake anali atamwalira kutsidya kwa malire, kupitirira Nayuchi. Maliro a Chisilamu sadikira munthu. Abdulrahim anangotola chipewa n'kukwera njinga yamoto.

M'mawa wa Lachinayilo kunabwera mayi wina wachikulire, dzina lake Ramla, mpango utapendekeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Iyeyu sanafunse ngati atseka. Anangokhala pansi pakhomo.

"Bambo anga asowa, mwana wanga. A Zubairu. Mutu wawo sukugwira masiku ano, amaiwala ndi dzina langa lomwe. Dzulo anati akupita kudimba, chonsecho dimbalo anasiya kulima kalekale. Kumizikiti alengeza, koma chimkuzamawu chimafika pati? Awalengeze pawailesi."

"Wailesi ikangodzuka, mayi, uthenga woyamba ukhala wanu."

"Idzuka liti?"

Saida anatulutsa foni yake. Anatenga nambala ya foni ya mayiwo, n'kutuluka panja. Anayendayenda pansi pa mtengo wa mango akuimbira Abdulrahim. Foni inkalowa n'kuduka, kulowa n'kuduka. Itagwira, mawu ake ankabwera odukaduka.

"Abdul, pepa ndi zovutazo. Koma kuno zinthu zaima."

"Ndikudziwa. Ndi fayilo ya malangizo ija ... ikukana nambala. Ndinasintha, komabe ..."

"Nambala yanji?"

"Pafoni sizitheka. Kuno sindichoka msanga, wamkulu pa ana ndine. Inyamule kompyutayo upite nayo ku Balaka. Kwa Ida."

"Palibe wina?"

"Anailemba ndi iyeyo. Wina aka ..." Foni inafa.

Saida anakhala chiimire, foni ili kukhutu. Ida anali mlamu wake wakale. Anakwatiwa ndi Akimu, mchimwene wake wa Saida, ndipo pa zaka zimene anakhala ku Ntaja m'pamene analembera wailesiyo pulogalamu imeneyi, atakhala pamkeka ndi laputopu pamiyendo, Saida akumuluka tsitsi. Banjalo linatha chifukwa panalibe mwana. Amayi analankhula, azakhali analankhula, Akimu anangokhala chete mpaka Ida analongedza katundu wake. Patapita nthawi Akimu anakwatira Husna. Saida sanayambanepo ndi Ida. Anangosiya kuyankha foni zake, mpaka nazonso zinasiya kubwera.

Analowa m'situdiyo, nazula mawaya onse kuseri kwa kompyuta. Anali atayamba waijambula ndi foni kuti asadzasokoneze pobwezera. Anaikulunga m'chitenje n'kuisenza.

Padepoti anaona Sienta yoyera ya Akimu ili pamzere, ikudikira anthu a ku Liwonde. Saida anazungulira kuseri kwa ogulitsa chipisi n'kukakwera minibasi. Anaikonda chifukwa inkaoneka yodzaza, koma itangoliza injini anthu atatu anatsika. Anali ongokopera makasitomala. Minibasi inapita kutsogolo mpaka pamphambano, inabwerera, inapitanso. Kondakitala ankamenya chitseko akufuula Liwonde. Saida ankagwedeza mwendo, kompyuta ikumudinda ntchafu.

"Adalaivala, tinyamuka lero?"

"Tikupita, asisi, tikupita."

Pamapeto pake inanyamuka. Inkaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale wongodziteteza kudzuwa. Panalowa matumba a makala, panalowa mbuzi yomangidwa miyendo. Bambo wina wokhala pambali pake anagogoda chitenje ndi chala.

"Muli chiyani umu?"

"Wailesi."

"Yaikulu chonchi?"

"Ya tonse," anatero Saida, n'kuyang'ana kunja.

Ankayesa kukonza mawu oti akayambire. Akati alamu? Akati Ida? Akayamba ndi moni wautali kapena akangofika pankhani? Mawu aliwonse amene ankakonza ankamveka ngati a munthu wobwera kudzapempha moto kunyumba imene anailambalala nthawi ya maliro. Nambala ya Ida inali idakali m'foni mwake. Anaitsegula, anaitseka. Pafupi ndi Liwonde analemba mwachidule kuti akubwera ndi kompyuta ya wailesi. Yankho linafika asanabweze foni m'chikwama: "Bwera. Ndili kuntchito, kuseri kwa siteshoni ya sitima."

Ku Liwonde anasintha galimoto. Powoloka Shire madzi anali phee, namasupuni ataunjikana m'mbali, koma iye sanawayang'ane kawiri. Mayi Ramla anali ataimba kale: anyamata afufuza kumtsinje ndi kumanda, palibe.

Anafika ku Balaka dzuwa lili paliwombo. Malo amene Ida ankagwira ntchito anali kasukulu kophunzitsa makompyuta, chipinda chachitali cha mawindo a magalasi, padenga pali masola. Ophunzira anali atapita kukadya. Ida anali yekha kumapeto, kuseri kwa tebulo lalikulu, atavala magalasi amene kale analibe. Nkhope yake inali itadzaza.

"Odi, alamu," anatero Saida. Mawuwo anatuluka okha.

"Ndine Ida basi. Lowa, Saida. Ali uli?"

"Ndili chenene." Saida anamwetulira pang'ono. Chiyao cha Ida chinali chidakali chopindika monga kale.

"Ika apa. Waisenza kuchokera ku Ntaja? Dikira ndikupatse chingwe cha magetsi."

Ida anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse n'kudzuka pang'onopang'ono. Apo m'pamene Saida anaona. Mimba inali yaikulu, ya miyezi yothaitha, diresi la maluwa litakoka kutsogolo. Ida anadutsa pafupi naye, dzanja lina lili pamsana, nakatenga chingwe m'kabati. Saida anachotsa maso pamimbapo. Anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, kenaka anayamba kumasula mfundo ya chitenje imene inali yomasuka kale.

"Ndinakwatiwanso," anatero Ida akumupatsa chingwe. "Ndi a Wadson, amagwira ku njanji. Lumikiza ndiwe, ine kuwerama ndi nkhondo."

Analumikiza sikirini ndi kiyibodi. Kompyuta inadzuka. Ida anakokera mpando wina pafupi n'kuuza Saida kuti akhale kutsogolo.

"Ine?"

"Mikono yanga sikufika bwino patebulo. Ine ndizinena, iwe uzilemba."

Saida analemba zimene anauzidwa, chala chimodzichimodzi. Pasikirini yakuda panatuluka mizere ingapo ya Chingerezi, womaliza uli wofiira. Ida anaweramira kutsogolo, nawerenga, naseka chapansipansi.

"Abdul, Abdul. Anafulumira."

"Walakwitsa chiyani?"

"Tiyambe apa. M'kompyuta iyi, pulogalamu siimangolowa yokha. Pali ina imene ntchito yake ndi kuika zinzake, timaitcha pakeji manija. Ukafuna pulogalamu yanga ija, manijayu amatenga fayilo ya malangizo imene ndinalemba, yonena kuti katenge zidutswa zakutizakuti, uzimange motere, uziike apo. Koma kalembedwe ka malangizowa kamasintha ndi zaka. Kalembedwe kalikonse kali ndi nambala yake. Ndiye asanachite chilichonse, manijayu amafuna adziwe kuti fayilo iyi inalembedwa m'kalembedwe kati."

"Amadziwa bwanji?"

"Tsegula fayiloyo uone."

Fayilo inatseguka. Pamwamba panali mizere iwiri yoyamba ndi kachizindikiro konga kampanda, wina uli ndi dzina la Ida ndi dzina la bambo ake a Akimu, monga ankadzilembera ali pabanja. Saida anaona, Ida anaonanso.

"Ya kampandayo ndi ndemanga chabe, manija amaidumpha," anatero Ida. "Mizere yopanda kanthu amaidumphanso. Amaima pa mzere weniweni woyamba. Pamenepo payenera kukhala nambala, osati china. Werenga."

"Eyiti."

"Ine ndinalemba faifi. Nthawi imeneyo faifi ndiye inali yatsopano. Pano anaipumitsa, manija watsopanoyu akaiona amakana. Abdul ataona kuti yakanidwa, anafufuta faifi n'kulemba eyiti."

"Ndiye bwanji ikukanabe? Si eyitiyo ikufunika?"

"Chifukwa manija safunsa kamodzi. Koyamba amangosuzumira pamwamba, fayilo asanaiyendetse, kuti adziwe malamulo oti agwiritse ntchito. Akatero amaiwerenga yonse mpaka pansi, n'kufunsanso kuti nambala ija ndi chiyani tsopano. Zikasiyana, amaima pomwepo. Tsika pansi. Tsikabe. Apo."

Chapakati pa fayiloyo panali mzere wina wobwereza mawu omwe aja, koma nambala yake inali faifi.

"Umenewo ndi wanga," anatero Ida. "Ndinakopera chidutswa ku fayilo ina, mzerewo unabwera nawo. Kale sunkavuta chifukwa pamwamba faifi, pakati faifi. Abdul sanauone."

"Ndiufufute?"

"Fufuta."

Saida anafufuta, nalemba lamulo lija kachiwiri. Mizere inayamba kutsika, yoyera, yambiri, ndipo iye anali atayamba kale kuganiza za minibasi yobwerera. Kenaka inaima. Wofiira wina.

"Aaa! Yakananso!"

"Ndimayembekezera. Kusintha nambala sikusintha zam'kati. Tauza manija kuti fayiloyi ndi ya eyiti, ndiye akuiwerenga ndi malamulo a eyiti, koma malangizo ena m'katimu ndi a faifi. Mu eyiti anawachotsa. Tiyenera kuwalembanso, umodzi ndi umodzi."

Saida anayang'ana foni. Anaimirira, anafika pawindo, anabwerera. Kunja sitima ya katundu inkadutsa, mabogi osatha, magalasi a mawindo akunjenjemera.

"Ida, kuli munthu wasowa. Nkhalamba. Mwana wake akudikira wailesi. Palibe njira yachidule? Sungamuuze manijayo kuti angolola?"

"Ndikhoza kumukakamiza. Iika zinthu theka, zina m'malo olakwika, ukafika ku Ntaja n'kupeza siikuyankhula ndi mlongoti. Ubwerenso mawa? Khala pansi. Sitichedwa ukasiya kuzungulira."

Anakhala. Ida anatsegula laputopu yake pambali, pomwe panali malamulo a kalembedwe katsopano, n'kumayerekeza. Ankanena mzere, Saida n'kulemba. Pena Saida ankaiwala kachizindikiro kotsekera, Ida n'kugogoda sikirini ndi chikhadabo. Pena Ida ankaima, kutseka maso, n'kusisita m'mbali mwa mimba.

"Akukankha?"

"Amadana ndi mpando uwu."

"Ida, foni zako zija ..."

"Werenga mzere wotsatira," anatero Ida, osakweza mawu. "Uli ndi munthu wosowa."

Atamaliza, analembanso lamulo lija. Ulendo uno manija anadutsa pamwamba, anadutsa pakati, n'kuyamba kumanga. Zilembo zinkathamanga pasikirini mosawerengeka, kafani ka m'kompyuta kakulira.

"Tsopano tidikire," anatero Ida. Anatulutsa kontena ya chinangwa chophika ndi botolo la thobwa m'chikwama, nakankhira pakati. Saida anatenga kachidutswa, koma kanangokhala m'manja.

"Amayi ali bwanji? Mwendo uja?"

"Ukuwavutabe. Nyengo yozizira sayenda."

"Nanga Husna? Ndinamuonapo kamodzi pa Liwonde. Ndi mtsikana waulemu."

"Ali bwino." Saida anazengereza. "Sanapatsidwebe."

Ida sanadabwe, sanasekenso. Anapukuta zala pa kansalu.

"Ayamba kumunena?"

Saida anavomera ndi mutu. Mwezi wathawo azakhali anali atabwera ndi mizu m'jumbo, ndipo Husna anamwa akulira, kuseri kwa khitchini. Saida anamuona, nadutsa ngati sanaone.

"Ndinawapempha achimwene ako kuti tipite tonse kuchipatala," anatero Ida. "Ndinapita ndekha. Anandiyeza, anati palibe vuto. Nditabwera nazo kunyumba, anati madokotala amanena zimenezo kwa aliyense. Sindikunena kuti ukalalikire. Ine zanga zinatha, ndili bwino. Ndikungomvera chisoni mwana wa eni ake."

Zilembo zinaima. Mzere womaliza unali wobiriwira. Saida anaimirira mofulumira mpaka mpando unagwa.

"Yalowa?"

"Yalowa. Koma kuno kulibe mlongoti wanu, ndiye sindingalumbire. Ukafika, chingwe cha buluu chilowe kaye, kenaka uyatse. Pakona ya sikirini pakaoneka kadontho. Kakakhala kobiriwira, lankhula." Anamugwira pamkono. "Chinanso. Eyiti nayenso adzapuma tsiku lina. Ine ku Ntaja sindibwera, ndipo miyezi ikubwerayi manja anga akhala ndi ntchito ina. Fayilo yatsopanoyi ndimutumizira Abdul, koma iwenso waona mmene zimakhalira. Ukadzaona wofiira, usamadzangothamangira kusintha nambala. Uziyamba wawerenga chimene akudandaula."

Ophunzira anayamba kulowa. Saida anakulunga kompyuta, naisenza. Pakhomo anatembenuka.

"Ukachira undiuze."

"Ukayankha?"

"Ndiyankha."

Ida anangokweza dzanja, n'kutembenukira kwa ophunzira ake.

Ulendo wobwerera ku Liwonde unali wofulumira, koma kumeneko zinthu zinaima. Minibasi ya ku Ntaja inali ndi anthu awiri okha, dalaivala atagona pansi pa mtengo, chipewa kumaso. Dzuwa linali litapendeka. Saida anaima pakati pa depoti ndi katundu wake pamutu, akuyang'ana uku ndi uku. Hutala inalira kumbuyo kwake. Inali Sienta yoyera.

"Saida! Ukutani kuno? Chimenecho n'chiyani?"

"Kompyuta ya kuntchito, achimwene. Ndimakakonzetsa. Ndikufunika ndifike dzuwa lisanalowe, kuli munthu wasowa."

Akimu anayang'ana mipando yake yopanda anthu, anayang'ana mlongo wake. "Kwera. Ena tiwapeza m'njira."

Sanaime m'njira. Anthu ankakweza manja, iye n'kumangodutsa. Wailesi ya m'galimoto inali yotsegula pa nambala ya siteshoni yawo, ikungoti shwiii chapansipansi. Akimu anati amaisiya choncho kuti ikadzuka adziwe. Anadutsa minda ya nandolo wouma, ana a sukulu akubwerera kwawo m'mbali mwa msewu. Saida anakumbatira kompyuta.

"Wakonzetsa kwa ndani?" anafunsa Akimu. "Pa Liwonde pomwepa?"

"Ku Balaka."

Akimu anasintha giya popanda chifukwa.

"Ali bwanji?"

"Ali bwino. Anakwatiwa."

"Ndinamva."

"Ali ndi pakati, achimwene. Patsala pang'ono."

Galimoto inapitirira monga mmene inkayendera. Akimu sanatembenuke. Saida ankaona chala chake chachikulu chikukanda chiwongolero, kukanda, kukanda. Atadutsa kamlatho kena, Akimu anapatukira kumbali n'kuzimitsa injini. Anatsika, anazungulira galimoto, anamenya tayala lakumbuyo ndi phazi ngati akuliyesa mpweya. Anaima nthawi yaitali atafulatira, manja ali m'chiuno, akuyang'ana kuphiri. Saida anafuna kumuitana, nthawi inali kutha, koma anadziletsa.

Atabwerera anakhala pampando osaliza injini.

"Wachita kuona ndi maso ako?"

"Ndakhala naye masana onse."

"Wakutuma kuti undiuze?"

"Iyayi. Anangofunsa za Husna."

Akimu anapukuta nkhope ndi chikhatho, kuchokera pachipumi mpaka kundevu. Analiza injini. Kuchokera pamenepo mpaka ku Ntaja anathamanga kuposa kale.

Pasitudiyo anapeza Mayi Ramla atakhala pomwe paja, tsopano ali ndi achibale ena awiri. Akimu ananyamula kompyuta yekha n'kukaiika pansi pa tebulo. Saida anagwada, foni ili m'dzanja lina, akuyerekeza chithunzi chija ndi mabowo a kuseri. Chingwe cha buluu chinakana kulowa mpaka anachitembenuza. Anayatsa. Sikirini inawala, pulogalamu inatseguka, ndipo pakona panaoneka kadontho kofiira.

"Achimwene, ndi kofiira."

"Ndiye kuti chiyani?"

"Sindikudziwa. Anati kakhale kobiriwira."

Anali atagwira kale foni kuti aimbire Ida pamene kadonthoko kanaphethira, kanasanduka kachikasu, kenaka kobiriwira. Saida anakhala pampando, navala mahedifoni, nakweza batani la maikolofoni.

"Pitani kugalimoto mukamvere," anauza Akimu. Kenaka anapuma mozama. "Salaam aleikum, omvera athu, kulikonse kumene muli. Tabwerera. Tisanachite china chilichonse, tamverani uthenga uwu."

Panja hutala inalira katatu, motalika. Saida anamva amayi aja akufuula pakhomo. Anapitiriza. Anatchula dzina la a Zubairu, mudzi wawo, mkanjo wotuwa ndi kofia yoyera imene anavala, ndiponso kuti akafunsidwa akhoza kunena kuti akupita kudimba. Ananena m'Chichewa, nabwereza m'Chiyao, naika nyimbo, nabwerezanso.

Foni ya m'situdiyo inayamba kulira. Woyamba ankangofuna kupereka moni kwa apongozi ake. Wachiwiri anakalipa kuti wailesi inazimiranji osawauza. Wachitatu anali mayi wa pachigayo china cha kufupi ndi Nselema. Anati kuyambira dzulo madzulo pali agogo ena amene akhala pakhonde la chigayocho, akuti akudikira mkazi wawo amalize kugayitsa. Anawapatsa phala, anagona m'nyumba ya mlonda, koma dzina akukana kunena.

Saida anaika nyimbo ina n'kuthamangira pakhomo. Mayi Ramla atamva anagwira kumutu.

"Ndi iwowo. Amayi anamwalira kalekale, koma ndi iwowo."

"Kwerani, mayi," anatero Akimu, akutsegula chitseko cha galimoto. "Ndikuperekezani."

Amayiwo atakwera, Akimu anabwerera pakhomo la situdiyo. Anaima pafupi ndi mlongo wake, maso ali pa makiyi a m'manja mwake.

"Za ku Balaka zija, usawauze amayi."

"Adzamva ndithu, achimwene. Balaka si kutali."

"Ndikudziwa. Ndikawauza ndekha." Anatembenuza makiyi. "Koma ndiyambe ndalankhula ndi Husna. Mizu ija asiye kumwa."

Anapita. Saida anayang'ana galimoto ikukhotera kumsewu waukulu, fumbi likutsatira. M'kati nyimbo inali kutha, ndipo foni inali itayambanso kulira. Pakhomo panali patafika kale anthu ena: bambo wa uthenga wa maliro, mnyamata wa komiti ya mpira, mayi wina amene ng'ombe yake inadula chingwe. Onse ankalankhula nthawi imodzi.

"Mmodzimmodzi," anatero Saida, akubwerera kumpando. "Wa maliro ayambe."